Namondwe ndi Njenjete Yoyenda Pansi

Inu amene mwadzuka lero manja ali m'khosi, khalani kaye pansi ndikusimbireni za mayi wina amene anzake a kuntchito amamutcha Namondwe. Dzinali si lobadwa nalo ayi. Mumva kumene linachokera.

Tsiku limene anatuluka m'chipatala, anakana kulunjika kunyumba. Anauza mlongo wake kuti adzere kaye kumsika, kukachipinda kamene ankasungiramo katundu. Mayiyu ankagulitsa kaunjika, makamaka majuzi ndi majekete aubweya, ndipo galimoto inamugunda atangopikula kumene mabelo atsopano. Lungalunga n'pobadwa, chilema chichita kudza. Anagonekedwa miyezi yambirimbiri, n'kutulukamo ndi zitsulo m'chiuno, mwendo wamanzere wosapindika, ndi ndodo ziwiri.

Masiku onse a m'chipatalawo, chimene chinkamulimbitsa mtima chinali mabelo aja. Ankadziuza kuti: mwendo wapita, koma katundu alipo, ndikatuluka ndiyambira pomwepo.

Mlongo wake anatsegula chitseko, n'kudula chingwe cha belo loyamba. Munabuka kamtambo ka tizilombo totuwa. Ananyamula juzi imodzi, ndipo inayoyoka m'manja mwake ngati tsamba lofumbwa. Ina chimodzimodzi. Denga linali litadontha dzinja lonse, ndipo njenjete zinaswana mumdimamo popanda wozisokoneza.

Mayiyu sanalire. Anatsetsereka ndi khoma n'kukhala pasimenti, ndodo ina uku ina uko, n'kumangoyang'ana tinjenjete tikukwera chitseko.

"Tiyeni kwathu, achemwali," anatero mlongo wakeyo chapansipansi. "Malo alipo."

Kunena zoona, malowo kunalibe. Nyumba inali ya zipinda ziwiri. Ana awiri a mlongo wake anatsitsidwa pabedi pawo n'kumagona pamphasa pabalaza, kuti azakhali awo agone pofewa.

Palibe amene anamunyoza. Mlamu wake, mkazi wa mlongo wakeyo, anakweza ndowa ya madzi pampando kuti iye asamawerame. Anasokerera tinsanza pa zogwirira za ndodo kuti manja asatuluke matuza. M'mawa uliwonse ankamuikira mbale ya nyemba pamiyendo.

"Alamu, tandisankhireni izi. Maso angawa saona timiyala."

Iye ankadziwa kuti maso a mlamu wake ndi akuthwa ngati a mphamba, ndipo masiku ena nyembazo zinkaoneka zosankhidwa kale. Ankasankhabe. Chifundo choterechi chimalemera kuchisenza kuposa chitonzo. Pemphero lake linafupika mpaka kutsala mawu ochepa: "Ambuye, za mwendo sindinenanso. Ndipatseni ntchito ndidziimire pandekha, anawa abwerere pabedi pawo."

M'belo lina munatsala majekete angapo osadyeka. Pofuna kuwapulumutsa, anatolera tinjenjete m'botolo n'kupita nato kusitolo ya mankhwala ophera tizilombo. Wogulitsa anatembenuza botolo lija, n'kupukusa mutu.

"Mayi, ine ndimadziwa za mphemvu ndi nsikidzi. Wolokani msewu. Pamyuziyamu apo pali mdala wina amene wakalamba akuyang'ana zinthu zimenezi."

Khomo la myuziyamu, nyumba yosungiramo zinthu zakale ndi zachilengedwe, linali pamwamba pa masitepe ataliatali. Anaima pansi pake n'kumawayesa ndi maso. Bambo wina amene ankatsuka galimoto pambali anaponya chinsanza m'ndowa.

"Asisi, uko n'kolowera alendo wamba. Mabwana timalowera kuno."

Anamutsogolera kukhomo lakumbali, lopanda sitepe ngakhale imodzi, akulongolola za nyengo, osayang'anako ndodo zija. Ameneyo anali dalaivala wa pamalopo, munthu woti pakamwa pake sipankatera ntchentche.

Chipinda chimene anamulowetsa chinali ndi makabati ofika kudenga, ndipo m'kabati iliyonse munali mabokosi a galasi pamwamba, odzaza ndi tizilombo touma tondandalikidwa m'mizere. Pawindo panakhala bambo wachikulire wa magalasi ochindikala, amene aliyense ankangowatchula kuti Aphunzitsi. Analandira botolo lija ndi manja awiri ngati mphatso.

"Ndikufuna mankhwala oti zife zonse," anatero mayiyu. "Zandidyera moyo wanga."

"Mankhwala ndikuuzani, mwanangu. Koma mdani wanuyu munamuonapo nkhope?"

Anatenga kanjenjete kamodzi kamene kanali katafa kale, n'kukaika pansi pa maikulosikopu, makina okuza tinthu ting'onoting'ono. Anamukokera mpando. Mayiyu anaika diso monyinyirika.

Poyamba anangoona kuwala. Aphunzitsi atapotokola kagudumu, phiko linabwera.

Linali lagolide. Fumbi lija limatsalira pachala munthu akapha njenjete linali timamba, tosanjikizana bwinobwino ngati matailosi a padenga, kalikonse ndi timizere take. M'mphepete munali mphonje zosalala kuposa za diresi la ukwati lililonse limene anagulitsapo. Mayi ameneyu anali atagwira nsalu za m'maiko ambiri, ubweya weniweni ankaudziwa ndi chala chokha, koma ulusi wotere anali asanauonepo.

"Anasoka ndani izi?"

Mawuwo anangopulumuka. Atangowanena anachita manyazi, poti yankho ankalidziwa kuyambira ali mwana.

Aphunzitsi sanaseke. "Ine ndakalamba ndi funso lomwelo."

Anamuuza kuti kanjenjete kouluka sikadya nsalu. Zimadya ndi mphutsi zake. Anamuuzanso kuti mitundu ya njenjete ndi yosawerengeka, ndipo yodya zovala ndi yochepa chabe. Ina yonseyo ili kutchire ndi m'mapiri, ndipo yambiri ilibe ndi dzina lomwe. Ntchito ya m'chipindamo inali kusiyanitsa mtundu ndi unzake, n'kuupatsa dzina.

Anafika kunyumba dzuwa litapendeka, n'kuzindikira kuti za mankhwala sanafunsenso. M'mawa mwake anabwerera kukafunsa. Anaiwalanso.

Aphunzitsi anaona mmene zala zake zinkachotsera kaulusi pansalu yophimbira makina aja. "Manja amenewa amadziwa singano," anatero. "Angawa ayamba kunjenjemera. Simungandibwereke anuwo?"

Anayamba choncho. Kanjenjete kakang'ono ngati njere ya mpunga amakabaya ndi kapini kowonda ngati tsitsi, n'kukakhazika pakathabwa ka mpata pakati. Kenako amatambasula timapiko, kamodzikamodzi, ndi nsonga ya singano, n'kutipanikiza ndi kapepala mpaka tiume. Chala sichiyandikira, chifukwa timamba tikachoka, chizindikiro chapita. Anawononga tambiri. Aphunzitsi ankangomupatsa tina tosasowa, totoledwa pakhonde.

Atazolowera, anamutulutsira bokosi limene ankalisunga padera. Munali tinjenjete ta kuphiri, totuwa ngati mwala, timene timauluka masana pamwamba penipeni pomwe mitengo imalekezera. Kamodzi kanafunika kukonzedwanso. Mayiyu anagwira ntchitoyo thukuta lili kamukamu, ndipo timapiko tinagona bwino zedi. Poona kuti zatheka, anapumira m'mwamba: "Phuu!"

Kaphiko kamodzi kananyamuka.

Aphunzitsi ndi dalaivala anakwawa chipinda chonse ndi tochi. Anakapeza kakuyandama m'kapu ya tiyi ya Aphunzitsi.

"Abale, tsekani mawindo," anatero dalaivala. "Namondwe wadutsa muno."

Dzina linamera pomwepo. Koma mwini wake sanaseke. Anatola ndodo zake kuti azipita, asadzabwerenso.

"Khalani pansi," anatero Aphunzitsi, akuvuula kaphiko kaja ndi kaburashi. "Ine ndili mnyamata ndinayetsemulira bokosi lathunthu. Muno sitithamangitsa munthu chifukwa chopuma. Timangomuphunzitsa kupumira kumbali."

Anaphunzira. Singano ikayandikira phiko, mpweya ankaugwira. Akafuna kuutulutsa ankatembenuzira nkhope kuphewa. Sanauze munthu, koma m'kachetechete kameneko, pakati pa mpweya wina ndi unzake, ndi mmene ankapempherera.

Myuziyamu inayamba kumupatsa kangachepe, kokwanira sopo ndi ulendo, kosakwanira lendi. Aphunzitsi anamuuza mosabisa kuti popanda sukulu sangapitirire pamenepo. Anabwerera m'kalasi, mayi wamkulu pakati pa atsikana, mwendo utatambalala m'kanjira. Masamu anamugwetsa. Analembanso, n'kugwanso. Mtsikana wamkulu wa mlongo wake, yemwe uja analandidwa bedi, ndiye ankamuphunzitsa patebulo lodyera.

"Azakhali, mwaiwalanso kubwereka apa. Kumsika munkapereka bwanji chenji?"

"Kumsika kunalibe mayeso, iwe."

Pomaliza anakhoza, n'kulowa koleji ya zachilengedwe, theka la tsiku m'kalasi, theka pa makabati. Zaka zinapita. Bedi linali lisanabwezedwe.

Bokosi la kuphiri lija ndilo linali mtolo wa Aphunzitsi. Phirilo lili ndi nsonga ziwiri, pakati pake chigwa chakuya chotentha. Tinjenjete ta nsonga zonse ziwiri tinkafanana ngati mapasa. Koma njenjete zofanana mapiko amazisiyanitsa ndi tiziwalo tolimba ta kumchira, toberekera: ka yaimuna kali ngati kiyi, ka yaikazi ngati loko, ndipo mtundu uliwonse uli ndi kiyi ndi loko wakewake. Makiyi a nsonga ziwirizi ankasiyana pang'ono kwambiri, moti akatswiri ena ankati ndi mtundu umodzi, monga ana a mimba imodzi amasiyanira mphuno. Aphunzitsi ankakhulupirira kuti ndi mitundu iwiri. Woweruza mlanduwu akanakhala loko. Koma m'bokosi lonselo munali zazimuna zokhazokha.

"Nanga zazikazi zili kuti?" anafunsa Namondwe.

"Ndikanadziwa! Tasesa ndi ukonde, tavundukula udzu, tagubuduza miyala. Mwina yaikazi imauluka nthawi imene ife kulibe. Mwina siuluka n'komwe. Ngati siuluka, ndiye kuti chigwacho sinachiwolokepo, ndipo mabanja awiriwa anasiyana kalekale." Anavula magalasi n'kutikita m'maso. "Ndimafuna nditaiona maso awa asanazime."

Maso awo ankazimadi, ndipo madokotala anali atanena kuti matendawo alibe mankhwala. Nthawi yawo yopuma pantchito inayandikira. Mpando wawo wa wosunga makabati unali ntchito yeniyeni, ya malipiro okwanira lendi, ndipo Aphunzitsi anatchula Namondwe. Akuluakulu a myuziyamu sanali anthu ouma mtima, koma anafunsa funso loona: wosunga makabati amayenera kukatola yekha tizilombo kuphiri, nanga uyu akakwera bwanji? Anagwirizana kuti apite nawo pa ulendo wa chaka chimenecho. Akakagwira ntchito ya kuphiri, mpando ndi wake. Akakalephera, asaka wina.

Mlongo wake anakana. "Achemwali, chitsulo chikakathyokera kumeneko ndikakutengani ndi chiyani? Bedi si nkhani. Ana anazolowera."

"N'chimene chikundiwawa, achimwene. Anazolowera."

Mlamu wake anatenga ndodo zija n'kutuluka nazo panja. Madzulo ake Namondwe anapeza kunsi kwa ndodo zake kutakhomedwa timphira tatsopano, todulidwa ku tayala lakale.

Nthawi ya nkhomaliro anayamba kukwera masitepe akutsogolo aja, kutsika, kukweranso. Dalaivala naye mwadzidzidzi anayamba kukonda kumwera tiyi pasitepe yapakati, pomwe munthu akaterereka angamuwakhe.

Tsiku litafika, galimoto inawasiya pomwe msewu umathera. Analipo Namondwe, ophunzira anzake awiri onyamula maukonde, ndi dalaivala, amene anati akufuna kuwongolako miyendo. Ukonde wake Namondwe anapatsa anzakewo, poti manja onse awiri anali a ndodo.

Anadutsa nkhalango mame asanakamuke. Mitengo inafupika, kenako inatha. Kunatsala udzu waufupi, miyala yokutidwa ndi ndere, ndi mphepo. Namondwe ankaponya ndodo n'kukoka mwendo, kuponya, kukoka. M'chiuno munayamba kuyaka moto. Anacheuka kamodzi n'kuona mitambo ili pansi pake, yoyera mbee, itayalidwa mpaka kumene maso amalekezera, nsonga inayo itatumphuka pakati ngati chilumba.

Malo otolera anali pamwamba pa thanthwe lalitali, lofuna manja ndi mawondo awiri. Anayesa. Mwendo unakana. Anayesanso, ndodo inapulumuka n'kugubuduka, dalaivala n'kuithamangira. Pamenepo anadziwa.

"Pitani," anauza anzake aja. "Dzuwa lisakuthereni chifukwa cha ine."

Anapita mochita kucheukacheuka. Dalaivala anakhala pamwala n'kuvula nsapato.

"Ine nsapato iyi yandiluma, asisi. Sindisuntha pano ngakhale mundikoke ndi chingwe."

Kukhala tsonga kunakanika ndi ululu, choncho Namondwe anagona chammbali pathanthwe, tsaya pamwala wofunda. Anaganiza za akuluakulu aja, za maso a Aphunzitsi, za mphasa ya pabalaza. Misozi imene sinatuluke tsiku la mabelo inatuluka pamenepo, ikudonthera pandere.

"Ambuye," ananong'ona, "ndafika pamene mwandifikitsa. Kupitirira apa sindingathe."

Dalaivala anayang'ana kumbali, n'kuyamba nkhani yaitali ya apongozi ake ndi mbuzi yawo, mokweza, kuti munthu alire momasuka.

Ali chigonere, kanjenjete kotuwa kanatera pafupi ndi mphuno yake. Kanali kakamuna, ankatidziwa bwino timeneti. Koma iye anali atangotiona touma m'bokosi, ndipo otigwira ankatikola m'mwamba ndi ukonde. Aka kanapinda mapiko n'kuyamba kuthamanga pamwala, tinyanga tikunjenjemera, ngati mlendo wofunafuna nyumba imene anamulondolera. Kanakaima pa mng'alu wopyapyala.

Pamlomo pa mng'aluwo, kachidutswa ka ndere kanasuntha.

Mpweya wa Namondwe unaima wokha, mwachizolowezi.

Kachidutswako kanali ndi miyendo italiitali, kamimba konenepa, ndi mtundu wa mwala weniweniwo, ndi madontho ake omwe. Pamsana panali timapiko tatifupi tosongoka, tosafika n'pakati pa thupi, ngati kajekete ka mwana atavala munthu wamkulu. Mapiko oti sangaulutse kanthu. Yaikazi ija inali imeneyi. Kanayenda pang'ono n'kuima, mphepo ikuwomba pamwamba pake osakakhudza.

Timabotolo tinali m'chikwama, ndipo chikwama chinali kwa dalaivala. Kuyankhula kukanakhala kuuzira. Namondwe anatukula chala chimodzi kumbuyo, n'kuchigwedeza pang'ono. Nkhani ya mbuzi inadukira pakati. Anamva zipi ikutsegulidwa pang'onopang'ono, kenako kabotolo kozizira kanafika m'dzanja lake. Anakatsitsa monga amatsitsira singano paphiko. Kanthu kaja kanadumpha ngati nthata, n'kugwera m'katimo.

Anatseka. Anatembenuzira nkhope kuphewa, n'kupuma.

"Ndiyankhule?" ananong'ona dalaivala.

"Gonani pansi muone."

Anagona onse awiri, duu. Patapita kanthawi, mwala wonse unadzuka. Apa ina ikuikira mazira m'ndere, apo ina ikuwothera dzuwa, ina ikusuzumira mumng'alu. Dalaivala atangotukula mutu, chithunzithunzi chake chinagwera pamwala, ndipo zonse zinazimiririka ngati sizinakhalepo. N'chifukwa chake zaka zonsezi sizinkapezeka. Zinkathawa munthu woimirira ndi munthu wowerama. Zinkatulukira yekhayo amene wagona nthawi yaitali mpaka kusanduka mwala.

Namondwe anayang'ana tinthu timeneti, tokhala pamwamba pa mitambo popanda mapiko owulukira, pamalo pamene mphepo ikanatitaya kuchigwa tikanayesa kunyamuka. Amene anasoka mphonje zagolide zija ndi yemwenso anadula kajekete aka, pa muyeso wake. Anatola zochepa zofunika pantchito. Zinazo anazisiya ndi mazira azo.

Ophunzira aja potsika, ali ndi zazimuna zokhazokha monga mwa masiku onse, anapeza anthu awiri akuluakulu atagona pathanthwe osagwedezeka. Anathamanga poganiza kuti kwagwa zovuta.

"Musatiphimbe dzuwa," anatero dalaivala osadzutsa mutu. "Gonani. Ofesi yasamukira pansi."

Ulendo wotsatira unali wa kunsonga inayo. Namondwe anakwera mpaka pamene mwendo unalola, anasankha mwala woyang'ana dzuwa, onse n'kugona. Zinatuluka.

Atabwerera kuchipinda cha makabati, anakonza tiziwalo tija pa timagalasi tiwiri, ka nsonga iyi ndi ka nsonga inayo. Anayang'ana, n'kuyang'ananso. Kenako anakagwira Aphunzitsi padzanja n'kuwakhazika pamaikulosikopu, pampando womwe uja iwo anamukokera tsiku loyamba.

Aphunzitsi anaika diso. Anapotokola kagudumu uku, n'kubwezera uko. Anavula magalasi, anavalanso.

"Ndikungoona kuwala, mwanangu," anatero potsiriza. "Maso sanandidikire."

Namondwe anatenga dzanja lawo n'kulitambasula patebulo, chikhatho chili m'mwamba.

"Ndiye muonere kuno. Ya nsonga yakum'mawa, loko wake ndi uyu." Anajambula ndi chala pachikhatho pawo kabowo kozungulira ka milomo yochindikala, ngati bowo la batani pajekete. "Ya nsonga inayo ndi uyu." Anajambula kamng'alu katali kopindika kumapeto, ngati ngowe ya siketi. "Batani silingalowe apa, Aphunzitsi, telala wake akhale ndani."

"Bwerezani."

Anabwereza. Aphunzitsi anafumbata dzanja pang'onopang'ono, ngati akuopa kuti chojambulacho chingauluke.

"Ndi iwiri," anatero, misozi ikutsikira m'makwinya. "Ndi mitundu iwiri. Ndaiona. Nanga mapiko?"

Anawafotokozera za kajekete kaja, ulusi ndi ulusi, mpaka tiyi anazizira. Dalaivala anaima pakhomo chipewa chili m'manja.

Timiyendo tina ta tinjenjeteto anatitumiza kwa akatswiri oyeza chibadwa cha zamoyo, ndipo yankho lawo linagwirizana ndi chala cha Namondwe. Mtundu watsopanowo anaulemba pamodzi, iye ndi Aphunzitsi, n'kuupatsa dzina la Chilatini lotanthauza kuti "woyenda pansi". Akuluakulu aja anamuitana n'kumupatsa makiyi a makabati.

"Tinkafunsa ngati mungafike pamwamba," anatero wamkulu wawo. "Simunafike, koma ntchito mwabwera nayo. Landirani."

Anapeza kanyumba ka lendi kufupi ndi kuntchito, kopanda masitepe. Tsiku losamuka anayala yekha bedi lija, n'kuitana ana a mlongo wake. Wamkulu atagonapo, mapazi anatulukira kunja. Onse anaseka mpaka kugwira nthiti, kupatula mlamu wake, amene anaima pakhomo akupukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu.

"Nanga nyemba zanga azindisankhira ndani?"

"Muzibwera nazo, alamu," anatero Namondwe. "Koma muzibwera ndi zosasankha."

Lero mukalowa pakhomo lakumbali lija mumupeza pawindo, ndodo zitatsamira kabati. Mwendo sunapindikebe. Majekete aja sanapulumuke, poti za mankhwala sanafunse mpaka pano. Masiku ena Aphunzitsi amabwera atagwira mkono wa dalaivala, n'kutambasula chikhatho patebulo kuti aone zimene zapezeka.

Ndiye inu amene mwagwa pamene anzanu akukwera, musafulumire kunena kuti Mulungu wakuiwalani. Misozi ikabwera, ilekeni itsike. Wina akakukwezerani ndowa pampando, landirani ndi manja awiri. Koma pamene mwagonapo musatseke maso, yang'anitsitsani mwala umene uli patsaya panu. Mtima wokhawo musautaye, abale anga. Ugwireni monga Namondwe amagwirira mpweya, kufikira kanthu kasunthe.